Ndikavomera zophunzitsa ana, ndiye kuti jazz ndaitaya?

Wowerenga wina wa ku Lilongwe watilembera motere:

"Aphunzitsi, ndili ndi zaka 24. Ndinayamba kuimba kiyibodi kutchalitchi kwathu ndili Sitandade 7, ndipo mpaka lero ndine amene ndimaimbira kwaya. Zaka ziwiri zapitazi jazz yandilowa m'magazi, moti chimene ndikufuna pamoyo wanga n'kudzakhala woimba piyano weniweni wa chamba chimenechi. Tsopano sukulu ina ya pulaiveti yandiitana kuti ndizikaphunzitsa ana nyimbo masiku atatu pa sabata. Mayi anga akuti ndivomere msanga. Anzanga a m'bandi akuti amene amaphunzitsa ndi amene kuimba kunawakanika, ndipo ndikangolowa m'kalasi zanga zathera pomwepo. Wina akuti ndigulitse kiyibodi ndipite ku Joni. Pepala la nyimbo ndilibe, ndili ndi MSCE yokha. Ndithandizeni, ndasowa pogwira."

Achimwene, khazikani mtima pansi. Funso lanuli ndalimva kwa achinyamata ambiri pa zaka zomwe ndakhala ndikuimba ndi kuphunzitsa piyano, ndipo kawirikawiri amene amafunsa amakhala aluso ndithu. Yankho ndikupatsiranitu kuti musachite kulifunafuna: ntchitoyo ivomereni, bola mapangano ake akhale abwino. Koma muivomere mukudziwa chimene chimapha oimba akalowa m'kalasi, chifukwa anzanuwo, ngakhale mbiri ya jazz sakuidziwa, pali kanthu kamodzi komwe akunena zoona. Tifikapo.

Ku New Orleans, mzinda wa ku America komwe jazz inabadwira, kunali woimba piyano dzina lake Ellis Marsalis. Anabadwa mu 1934, ndipo digiri yomwe anatenga ku Dillard University mu 1955 inali ya uphunzitsi wa nyimbo. Mtima wake unali pa jazz yamakono, ija ya bebop ndi zotsatira zake, pamene mzinda wakewo unkadyera jazz yachikale yomwe alendo obwera kudzaona malo ankalipira kuti amve. Luso linalipo, msika wa luso lakelo unali wochepa, ndipo kunyumba ana ankabadwa mpaka anakwana 6, anyamata okhaokha. Mukuona kuti vuto lake silinali kutali ndi lanu: kukonda chamba chomwe anthu a kwanu sachilipira mokwanira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anaimbapo m'bandi ya Al Hirt, woimba lipenga wotchuka amene nyimbo zake zinali zosangalatsa anthu ambiri, osati zomwe Marsalis akanasankha pa yekha. Mu 1974, akuyandikira zaka 40, analowa ntchito yophunzitsa pa New Orleans Center for Creative Arts, sukulu ya zaluso ya ana a msinkhu wa sekondale.

Anzanu aja akanakhalapo akanati basi, mkuluyu watha. Koma tamvani mayina a ana amene anadutsa m'manja mwake: Terence Blanchard, Donald Harrison, Harry Connick Jr., Nicholas Payton, ndiponso ana ake omubala, Branford ndi Wynton Marsalis, omwe pofika m'ma 1980 anali atagwedeza dziko lonse la jazz. Ang'ono awo, Delfeayo ndi Jason, nawonso ndi oimba. Mu 1986 anapita kukaphunzitsa ku Virginia Commonwealth University, mu 1989 n'kubwerera kwawo kukatsogolera maphunziro a jazz pa University of New Orleans, komwe anapuma ntchito mu 2001.

Zonsezi n'zokoma kumva, koma chimene ndikufuna mugwire si mayina a ophunzirawo. Ndi Lachisanu. Kwa zaka pafupifupi 30, Lachisanu lililonse usiku, Marsalis ankakhala pa piyano m'kanyumba ka zoimbaimba kotchedwa Snug Harbor mumzinda womwewo, kuimbira anthu olipira pakhomo. Anasiya zimenezi ali ndi zaka 85, patangotsala miyezi yochepa kuti amwalire ndi Covid-19 pa 1 April 2020. Masana choko m'manja, Lachisanu usiku pamaso pa anthu amene akhoza kunyamuka ngati sukuwafika pamtima. Ophunzira ake ankatha kupita kukaona okha ngati zomwe amawauza m'kalasi zimagwiradi ntchito.

Winanso ndi Barry Harris wa ku Detroit, wobadwa mu 1929. Ameneyu mumukonda chifukwa anayambira kumene inu munayambira: mayi ake ankaimba piyano kutchalitchi ndipo ndi amene anamuyambitsa ali wamng'ono. Akadali mnyamata, nyumba ya mayi akewo inasanduka sukulu yopanda chikwangwani, oimba a mumzindamo akubwera kudzafunsa momwe makodi (magulu a manoti oimbidwa nthawi imodzi) a bebop amayendera. Anasamukira ku New York mu 1960, anaimba ndi akatswiri a jazz monga Cannonball Adderley, Coleman Hawkins ndi Lee Morgan, ndipo anakhalapo nyumba imodzi ndi Thelonious Monk. Palibe amene angati kuimba kunamukanika. Komabe kuyambira 1982 mpaka 1987 ankayendetsa malo ophunzitsira otchedwa Jazz Cultural Theatre, ndipo atatsekedwa anapitiriza makalasi a sabata ndi sabata pamtengo wotsika, olowa aliyense, katswiri ndi woyamba kumene chipinda chimodzi, mpaka ukalamba wake. Anamwalira mu 2021. Mary Lou Williams naye, mayi amene chipinda chake ku Harlem ankasonkhanamo Monk, Bud Powell ndi Dizzy Gillespie m'ma 1940, anamalizira moyo wake akuphunzitsa pa Duke University kuyambira 1977 mpaka 1981.

Sizinangochitika mwangozi kuti ambiri mwa aphunzitsi akuluakulu a jazz ndi a piyano. Wa lipenga kapena wa saxophone amatulutsa noti imodzi pa nthawi, ndiye akafuna kuona momwe kodi yamangidwira amayenera kubwera pa piyano, pomwe zonse zayalidwa poyera. Gillespie yemweyo, mwini lipenga, ankakhalira anzake pa piyano powalongosolera makodi. Woimba piyano m'bandi amafunsidwa mafunso kaya afune kaya asafune. Ndikhulupirira ngakhale inuyo kutchalitchi kwanuko, a soprano akasochera amayang'ana kwa inu. Munayamba kale kuphunzitsa, kungoti simunkalipidwa.

Tsopano pomwe anzanu akunena zoona. Ndawaonapo oimba abwino amene analowa uphunzitsi n'kuzimiririka, ndipo zimachitika mofanana nthawi zonse. Teremu yoyamba munthu amafika kunyumba atatopa, n'kunena kuti ndiyeserera mawa. Malipiro a pamwezi akayamba kubwera, ganyu ya Loweruka usiku yolipira pang'ono ija imaoneka ngati chintchito, amaikana kamodzi, kawiri, kenako a bandi amasiya kumuimbira foni. Pakatha zaka zitatu amakhala akuimba nyimbo zokhazokha zomwe amaphunzitsa ana, ndipo chifukwa m'chipindamo iye ndiye wodziwa kuposa onse, palibe womuuza kuti wabwerera m'mbuyo. Ana a zaka 9 amaombera m'manja chilichonse. Zala zimakhalabe zikuyenda, koma khutu limagona, ndipo khutu likagona jazz yatha. Sikuti kalasi ndiyo yamupha munthuyu. Chamupha n'kusowa malo omwe angachititsidwe manyazi ndi oimba omuposa.

Ndiye musanasaine chilichonse, pezani Lachisanu lanu. Likhale tsiku limodzi pa sabata lomwe mumaimba jazz ndi anthu ena, pamaso pa anthu, kaya ndi pa lesitilanti, pa hotela, ngakhale m'holo ya tchalitchi Lamulungu madzulo ngati kwina kwakanika. Lisasunthe chifukwa cha ukwati wa msuweni kapena mayeso a ana. Wa besi ndi wa ng'oma akhale anthu omwe mumawaopa pang'ono. Ndipo nthawi yanu yoyeserera muiike m'mawa musanapite kusukulu, ngakhale ikhale ola limodzi lokha ndi mahedifoni m'makutu. Madzulo, mutatha tsiku lonse ndi ana 25 akumenya tebulo, simudzafuna kumva noti ngakhale imodzi. Ntchito ya masiku atatu pa sabata ndi yabwino pa chifukwa chimenechi, imakusiyirani masiku anayi. Akadzakuuzani kuti tikuwonjezera akhale asanu, mudzaganize kawiri.

Pano ndikufunseni mafunso owawa pang'ono, chifukwa mwati mukufuna kukhala woimba piyano weniweni. Ife okulira pa kiyibodi ya kutchalitchi tili ndi chuma chomwe ophunzira ambiri a m'makoleji amachisirira. Mayi wina akayambitsa nyimbo pakati pa mapemphero, kiyi yodziwa yekha, mumaipeza asanamalize mzere woyamba. Mumadziwa kutsatira munthu, kumukweza, kumusiyira mpata. Swing, kagundidwe ka jazz, imayenda pogawa kugunda kumodzi patatu, ndipo khutu lokulira pa ng'oma zathu silivutika nazo. Zimenezi musazipeputse. Koma tili ndi matenda athunso. Kodi batani la transpose, lija lokweza kapena kutsitsa kiyi zala zili pomwepo, mumalidina kangati pa mapemphero amodzi? Ambiri amaimba kiyi imodzi kapena ziwiri moyo wawo wonse, wotsogolera nyimbo akakwera iwo n'kungodina. Piyano yeniyeni ilibe batani limenelo, ndipo nyimbo imodzi ya jazz ikhoza kudutsa makiyi atatu kapena anayi isanathe. A malipenga amakonda B flat, E flat, F ndi A flat, ndipo sakudikirani. Limatani selotepi batanilo kuyambira Lamulungu likubwerali. Miyezi iwiri yoyamba akwaya akuyang'anani ndi diso loipa, koma palibe njira ina.

Nthenda yachiwiri ndi dzanja lamanzere. Kutchalitchi linazolowera kugwira noti ya pansi mwamphamvu, pena ziwiri, chifukwa wa besi kulibe kapena samveka. Mu jazz malo amenewo ndi a wa besi, ndipo mukalowamo mumangodetsa nyimbo. Yesani ichi lero lomwe. Tengani makodi atatu omwe ndi msana wa nyimbo zambiri za jazz, re, so, do, omwe m'mabuku amalemba ii-V-I. Mu kiyi ya C ndiye D minor 7, G7 ndi C major 7. Pa D minor 7 dzanja lamanzere ligwire manoti awiri okha, F ndi C. Popita ku G7, F akhale pomwepo, chala cha pa C chitsike pang'ono kufika pa B. Popita ku C major 7, B akhale pomwepo, F atsike kufika pa E. Chala chimodzi chokha chikusuntha nthawi iliyonse, mtunda wa kiyi yoyandikana nayo, koma khutu likumva makodi onse atatu bwinobwino. Manoti awiriwo, la nambala 3 ndi la nambala 7 la kodi, ndiwo amanena ngati kodiyo ndi major, minor kapena yofuna kupita kwina. Zina zonse ndi zokometsera. Mukazichita m'makiyi onse 12 osayang'ana zala, mudzakhala mwadutsa ambiri omwe amadzitcha a jazz chifukwa choloweza makodi akuluakulu a pa YouTube omwe sadziwa kumene achokera ndi kumene akupita.

Pambuyo pake blues ya ma bar 12 (bar ndi kachigawo ka nyimbo, kawirikawiri ka kugunda kunayi), m'makiyi a F ndi B flat poyamba, kenako nyimbo zakale zija za ma bar 32 zomwe woimba jazz aliyense amayenera kuzidziwa pamtima. Metronome, kachipangizo kosunga liwiro la nyimbo, muziika kuti izigunda pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi kwa bar iliyonse. Ndipo chachikulu kuposa zonsezi: sankhani woimba mmodzi, kaya Wynton Kelly, Red Garland kapena Abdullah Ibrahim, mutenge kachigawo kakang'ono ka zomwe anaimba, mukamvetsere mpaka muzitha kukaimba ndi pakamwa, kenako mukapeze pa piyano ndi khutu lokha. Mavidiyo oonetsa zala amakupatsani manoti, koma kalankhulidwe ka chambachi kamalowera kukhutu. Pa ichi inu a kutchalitchi muli patsogolo kale.

Za chida. Kiyibodi ya makiyi 61 opepuka ija siingakupangeni woimba piyano, chifukwa zala siziphunzira kusiyanitsa kugunda mofewa ndi mwamphamvu. Ndalama zoyamba zomwe mungasunge pa ntchitoyi zipite ku piyano yamagetsi ya makiyi 88 olemera pogwira, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Piyano yamatabwa ndi yokoma koma imafuna woichuna chaka ndi chaka, ndipo anthu a ntchito imeneyo kuno ndi osowa.

Tibwere kukalasi. Musayembekezere kuti mukaphunzitsa jazz. Mukaphunzitsa ana kuomba m'manja pamodzi, kuimba noti yomwe mwawapatsa, kukhala bwino pampando. Kuphunzitsa ndi luso palokha, losiyana ndi kuimba, ndipo woimba wabwino akhoza kukhala mphunzitsi woipa. Chimene chimagwetsa oimba ambiri tsiku loyamba n'kufuna kuonetsa. Mwana wa zaka 7 walephera kuika chala chachikulu pa C, mphunzitsi n'kumusuntha pampando, "taona, zimatere", zala waliwali kuchoka pansi mpaka pamwamba. Mwanayo waphunzirapo chimodzi chokha, chakuti iye sangathe. Chofunika n'kuona kuti mpando wamutalikira, miyendo ikulendewera, ndiye thupi lonse lauma ndipo chala sichingamasuke. Muikireni kabokosi kopondapo, mumupatse manoti atatu okha, inu muziimba kanthu kakang'ono iye aziyankha ndi manoti akewo momwe akufunira. Wayamba kupeka pomwepo, ndipo kumeneko ndiye kuyamba kwa jazz ngakhale simunatchule dzina lake. Mwana wamng'ono satha mphindi 30 pa chinthu chimodzi, choncho muzisinthasintha: pang'ono pa piyano, pang'ono kuimirira n'kuponda, pang'ono kuimba ndi mawu.

Phindu lake kwa inu mudzaliona msanga. Mwana akakufunsani chifukwa chake kodi iyi ikumveka yachisoni pamene inayo ikumveka yosangalala, simungamuyankhe kuti zimangotero. Zambiri zomwe zala zanu zimachita mosaganiza mudzakakamizika kuzimvetsa, ndipo zomwe mwazimvetsa mumatha kuzisamutsira ku kiyi ina, ku nyimbo ina. Ine zambiri zomwe ndimadziwa za makodi zinakhazikika pofuna kuzilongosolera anthu ena.

Koma pali chimodzi chomwe muyenera kunena poyera kwa a sukuluyo. Ngati simutha kuwerenga manoti a pa mizere isanu, auzeni, ndipo yambani kuphunzira sabata ino. Solfa ya kukwaya ndi yothandiza kwambiri, koma makolo olipira fizi ya pulaiveti ambiri amafuna mwana alembe mayeso a ABRSM kapena Trinity, mabungwe a ku Britain omwe magiredi a mayeso awo amafika pa giredi 8, ndipo kumeneko popanda kuwerenga simupita patali. Inunso mayeso omwewo ndiwo njira yanu yachidule yopezera pepala. Ku ABRSM, kuti munthu alembe giredi 6 kupita m'tsogolo pa chida, amafunika akhale ndi giredi 5 ya theory (malamulo a kalembedwe ndi kamangidwe ka nyimbo) kapena ina yofanana nayo, ndiye yambirani pamenepo. Munthu wa khutu ngati lanu, akalimbikira, theory siimuvuta. Kuno kwathu nyimbo zimaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba, ndipo ku Lilongwe komweko kuli Music Crossroads Academy. Pitani mukafunse nokha zomwe akuphunzitsa panopa ndi zomwe amafuna kuti munthu alowe. Pepala silikuphunzitsani swing, koma limasintha malipiro, ndipo tsiku lomwe mudzafune kuphunzitsa pa koleji adzalifunsa.

Za ku Joni. Mnzanuyo sanalakwe dziko, walakwa njira. South Africa ndi kumene kuli jazz yamphamvu kuposa kwina kulikonse kuno kumwera, ndipo mbali ina ya mphamvuyo inachokera m'kalasi. Mu 1983 Darius Brubeck, woimba piyano, mwana wa katswiri wa jazz wa ku America Dave Brubeck, anasamukira ku Durban n'kuyambitsa maphunziro a digiri ya jazz pa University of Natal, yomwe lero ndi University of KwaZulu-Natal. Inali yoyamba ya mtunduwu pa yunivesite ya mu Africa, ndipo inayamba tsankho la apartheid lili pachimake. Mu 1988 anatenga gulu la ophunzira akuda ndi azungu pamodzi, Jazzanians, kupita nalo ku America, ndipo mmodzi mwa iwo anali Zim Ngqawana. Ku Durban komweko Bheki Mseleku, katswiri wa piyano wodziphunzitsa yekha, anakhudza moyo wa mnyamata wina dzina lake Nduduzo Makhathini, wokuliranso m'nyimbo za kutchalitchi. Makhathini anadzatsogolera dipatimenti ya nyimbo pa University of Fort Hare, ndipo mu 2020, ali mphunzitsi, anatulutsa chimbale ku Blue Note, kampani yotchuka ya jazz ya ku America. Akauzeni anzanu a m'bandi zimenezo.

Ndiye kupita n'kwabwino, koma mupite ngati wophunzira, ndi kalata yokuitanani ndi chitupa chovomerezeka. Ku Durban ndi ku University of Cape Town amayamba akumvani mukuimba asanakulandireni, ndipo adzafuna blues, nyimbo zingapo zodziwika, masikelo (do re mi m'makiyi osiyanasiyana), ndi kuwerenga manoti. Zaka ziwiri kapena zitatu mukuphunzitsa kuno, kusunga ndalama, kulemba magiredi ndi kukonza dzanja lamanzere lija, ndizo zingakufikitseni pa khomo limenelo. Kugulitsa kiyibodi n'kukwera basi opanda mapepala, mukafika kumalo komwe oimba piyano ophunzira bwino ali mbwee, inu mulibe chida, mulibe chilolezo chogwirira ntchito. Ndawadziwa amene anapita motero. Ambiri akugwira ntchito zina, ndipo piyano anaisiya.

Pa nkhani ya ndalama ndisakunamizeni: jazz yokha kuno kwathu siidyetsa banja. Omvera alipo koma ndi ochepa, ndipo malo oimbira amatseguka n'kutsekeka. Amene akukhala bwino ndi nyimbo amatunga m'zitsime zingapo: sukulu, ophunzira apadera kunyumba, maukwati, situdiyo, kukonzera makwaya nyimbo. Marsalis naye anaimba zomwe sizinali za kumtima kwake kuti ana adye, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Chenjerani kokha kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mukavomera ganyu iliyonse, ola lanu la m'mawa lija ndilo liyambe kufa. Ophunzira apadera azilipira mwezi wonse pachiyambi, ndipo makolo adziwiretu kuti mwana akajomba osanena, tsikulo lapita. Mukayamba kupeka zanu, kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso. Ndipo pophunzitsa ana a eni, chitseko chizikhala chotsegula, kholo kapena wamkulu wina ali pafupi, mauthenga a pafoni azipita kwa makolo osati kwa mwana. Zimateteza mwanayo, zimatetezanso dzina lanu, ndipo pa ntchito iyi dzina likada silichapika.

Thupi nalo lili ndi malire ake. Mukasamukira pa makiyi olemera n'kuwonjezera maola nthawi imodzi, mitsempha ya pamkono imatupa. Ambiri amaika kiyibodi pamwamba kwambiri kapena kuimba ataimirira dzanja litapindika. Khalani pansi, mkono kuchokera pachigongono kufika padzanja ukhale mowongoka, mapewa akhale omasuka, ndipo muzipumira pakatha mphindi 30 kapena 40. Kutopa kwa minofu komwe kumatha mukagona si vuto. Koma ululu wobaya, kapena wopitirira masabata awiri, kapena dzanzi pa chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, makamaka lokudzutsani usiku, siyani kuyeserera mupite kuchipatala akakuoneni, ndipo ngati n'kotheka muonane ndi a physiotherapy. Osamwa mankhwala opha ululu n'kupitiriza kuimba. Makutu chimodzimodzi: ngati sipika ya kutchalitchi ili kumbuyo kwa mutu wanu, isuntheni, ndipo kulira kwa m'khutu kukapitirira tsiku limodzi kapena awiri mutaimba, kayezetseni kwa oona za makutu, chifukwa kumva kukawonongeka ndi phokoso sikubwerera. Za usiku mukuzidziwa: malo ena amafuna kulipira oimba ndi mowa. Kanani, landirani ndalama. Mbiri ya jazz yadzaza ndi akatswiri omwe anapita msanga, monga Bill Evans amene anamwalira mu 1980 ali ndi zaka 51 atalimbana ndi mankhwala ozunguza bongo kwa zaka zambiri. Mukadzaona kuti simungakwere pa siteji osalawako, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira kapena mlangizi wa kuchipatala, musadikire.

Pa kuimba kwenikweniko, musakhale nokha ndi intaneti. Pezani woimba wokuposani akumvereni ngakhale kamodzi pa mwezi, pamaso kapena pa vidiyo, ndipo mumulipire, chifukwa wolipidwa amakuuzani zoona. Mukaona kuti patha miyezi 6 mukuimba zomwezomwezo pa nyimbo iliyonse, imeneyo ndiyo nthawi yomufuna mwachangu.

Mukamapita kukaonana ndi ahedi, funsani kuti kalasi imodzi ili ndi ana angati, zida zilipo zotani, malipiro amabwera pa tchuthi kapena ayi, ndipo zoimbira pa misonkhano ya sukulu ndi zisudzo za kumapeto kwa teremu zili mkati mwa malipirowo kapena n'zapadera. Zonse zilembedwe. Ndipo ngati sukuluyo ili ndi piyano ya makiyi 88, pemphani kuti m'panganomo alembemonso kuti muli ndi ufulu woigwiritsa ntchito m'mawa ana asanafike kapena akaweruka. Ngakhale atakana kukuwonjezerani malipiro, chimenechi chokha musachokepo asanavomere.